Aisingi ikuyenderera, mtedza ukupserera: kukonza mavuto pokongoletsa buledi wa nthochi

Madandaulo a okongoletsa buledi wa nthochi amafanana khitchini iliyonse. Buledi wa nthochi watuluka mu uvuni wofufuma bwino, fungo lake ladzaza nyumba, ndiye mwati mumuthire aisingi (zotsekemera za shuga zopaka pa keke) ndi kuwaza mtedza pamwamba kuti aoneke bwino pa phwando kapena pa tebulo logulitsira. Alendo asanafike n'komwe, aisingi ija yatsikira m'mbale, mtedza wafewa, nthochi zimene munayala pamwamba zada bii.

Ambiri amathamangira kusintha kakonzedwe ka aisingi, koma nthawi zambiri vuto limayambira m'bulediyo. Nthochi yakupsa ili ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi, ndipo buledi wake amapitiriza kutulutsa chinyezi ngakhale atazizira. Shuga naye amakoka chinyezi paliponse pamene wachipeza. Mukaika chinthu cha shuga pamwamba pa buledi wonyowa chotere, ziwirizi zimayamba kulimbana. Mukamvetsa zimenezi, mavuto ambiri a m'munsimu muwadziwa gwero lake. Pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chofala kwambiri, choncho fufuzani motsatira ndondomekoyo.

## Aisingi ikusungunuka ndi kutsikira m'mbali

1. Buledi akadali wofunda m'kati. Ichi ndicho chifukwa chachikulu, ndipo chimanyenga anthu chifukwa pamwamba pamazizira msanga pamene pakati pakadali moto. Buledi wa nthochi ndi wolemera, amasunga kutentha nthawi yaitali kuposa keke wamba.
- Kufufuza: nyamulani bulediyo, ikani dzanja kunsi kwake cha pakati. Mukamva kufunda ngakhale pang'ono, sanafike.
- Kukonza: musiyeni m'chitini mphindi 10 mpaka 15, kenako mumutulutse n'kumuika pa waya kuti mpweya uzidutsa kunsi. Dikirani maola awiri kapena atatu. Ngati mulibe waya woziziritsira, tulutsani shelefu ya mu uvuni muisanjike pa makapu awiri. Njira yabwino koposa ndiyo kuphika madzulo n'kukongoletsa m'mawa.

2. Madzi kapena mkaka wachuluka. Shuga wa aisingi, wosalala ngati ufa uja, amafuna madzi ochepa modabwitsa. Pa kapu imodzi ya shugayu, yomwe ndi magalamu pafupifupi 120, yambani ndi supuni yaikulu imodzi ya mkaka kapena madzi a mandimu, muonjezere madontho pang'onopang'ono.
- Kufufuza: tungani aisingi ndi supuni muigwetsere m'mbale momwemo. Mzere umene yagwera uzioneka kwa masekondi angapo usanazimirire. Ukazimiririka nthawi yomweyo, aisingi yalowa madzi.
- Kukonza: onjezani shuga wosefa, supuni ziwiri nthawi imodzi, mpaka ilimbe.

3. Kukutentha. Batala amasungunuka kutentha kukafika madigiri 32 mpaka 35. Mu Okutobala ndi Novembala khitchini ya malata imafika pamenepo mosavuta, osanenanso za ku Chikwawa, ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja. Aisingi ya batala singapirire zimenezi, kaya mwaikonza mwaluso bwanji.
- Kongoletsani m'mamawa kukadali kozizira, kutali ndi mbaula kapena uvuni.
- Gwiritsani ntchito majarini wolimba wophikira uja wa m'pepala, kapena muphatikize theka batala theka majarini. Majarini wofewa wa m'kontena, wopaka pa buledi, ali ndi madzi ambiri ndipo sagwira.
- Ngati bulediyo akayenda ulendo kapena akakhala padzuwa, isiyeni aisingi ya batala. Thirani yopyapyala ya shuga ndi mandimu, chifukwa ikauma siopa kutentha.

4. Munasungunula batala pamoto kuti afewe msanga. Batala wosungunuka salimba akadali wofunda ngakhale mumumenye bwanji. Ikani mbale yonse m'firiji mphindi 15, kapena muikhazike m'beseni la madzi ozizira, kenako mumenyenso.

Mawu apadera pa aisingi ya cream cheese (tchizi chofewa chopaka), imene imayenderana kwambiri ndi nthochi. Iyi ikayamba kuyenderera, kuonjeza shuga kumangoipitsa zinthu, chifukwa shugayo amakoka madzi a mu cream cheese. Menyani kaye batala ndi shuga mpaka zisalale, ndipo cream cheese wozizira alowe pomaliza, mumenye pang'ono chabe. Ikakhala kuti yalowa kale madzi, iikeni m'firiji ola limodzi. Ikakana, ithireni ngati aisingi yopyapyala, kukoma kwake sikusintha.

## Dzulo inali bwino, lero yanyowa kapena yalowerera m'buledi

Vuto ili limapweteka mtima kwambiri kwa ogulitsa, chifukwa limaonekera buledi ali kale m'manja mwa kasitomala.

1. Munatsekera buledi aisingi isanaume. M'kontena yotseka kapena m'jumbo, chinyezi cha buledi chilibe kopita, chimabwerera pa aisingi n'kuisungunula. Aisingi yopyapyala imafuna mphindi 30 mpaka ola limodzi pa mpweya. Igwireni ndi chala m'mbali: isamate. Posunga, yalani pepala la m'khitchini kunsi kwa buledi, ndipo chivundikiro chisakhudze pamwamba.

2. Pakati sipanapse. Buledi wosapsa bwino amatulutsa madzi kwa masiku. Mudzaona kamzere konyowa, kolemera, kumunsi kapena pansi penipeni pa mng'alu.
- Kufufuza: lasani kamtengo koyera pakati penipeni, mpaka pansi. Katuluke kouma kapena ndi tinyenyeswa tochepa, osati phala. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa chakudya aone kuti pakati pafika madigiri 93 mpaka 96.
- Kukonza: buledi wamkulu amafuna mphindi 50 mpaka 65 pa madigiri 170 mpaka 180. Pamwamba pakada msanga, phimbani ndi foyilo mupitirize kuphika. Wosapsa amene wazizira kale musamupake aisingi. Mudulenidulani, muotche zidutswazo pa chiwaya, mudye ndi tiyi.

3. Nthochi zinachuluka. Pali chizolowezi chothira nthochi zonse zimene zapsa kuti zisaonongeke. Ndikumvetsa, koma buledi mmodzi wa makapu awiri a ufa amakwana ndi nthochi zitatu zapakatikati, kapena kapu imodzi ndi theka zikafinyidwa. Nthochi zimasiyana kukula, kabuthu sangafanane ndi tinthochi tating'ono totsekemera tija, choncho yezani ndi kapu m'malo mowerenga. Zotsala zisendeni muziike m'firiza.

4. Firiji. Buledi wozizira akatuluka n'kukumana ndi mpweya wofunda, pamwamba pamachita mame. Mutulutseni ali m'kontena yake, mutsegule pang'ono chivundikiro, ndipo musakhudze aisingi mpaka mamewo ataphwa okha. Magetsi akamazimazima, kuzizira ndi kufunda kosinthanasinthana kumaonjeza vutoli.

5. Ndi dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umakhala ndi chinyezi chambiri ndipo shuga amachikoka. Limbitsani aisingi kuposa masiku onse, ndipo kongoletsani tsiku lomwe buledi adyedwe. Shuga wa aisingi wongowaza ndi sefa amazimiririka m'maola ochepa pa buledi wa nthochi nyengo iliyonse. Muwazeni pamene mukupereka.

## Muli timibulu kapena ikumveka mchenga m'kamwa

- Shuga sanasefedwe. Paketi ikatsegulidwa, shuga wa aisingi amaumbana. Musefeni nthawi zonse, ngakhale akuoneka wosalala. Timibulu tikakhala talowa kale, kankhani aisingi yopyapyalayo pa sefa ndi supuni.
- Munagwiritsa ntchito shuga wa tiyi. Ameneyu sasungunuka mu batala. Ngati shuga wa aisingi sakupezeka, gayani kapu imodzi ya shuga woyera pamodzi ndi supuni yaikulu imodzi ya cornflour (sitachi ya chimanga, osati ufa wa nsima) mu bulenda youma, musefe, mugayenso zotsala pa sefa. Mumtondo safika posalala mokwanira.
- Batala anali wolimba. Mutulutseni m'firiji msanga. Wakonzeka pamene chala chikulowa mosavuta koma iye osanyezimira mafuta.
- Koko sanasefedwe. Musefeni limodzi ndi shuga.

Ngati muli ndi shuga wa tiyi yekha ndipo mulibe bulenda, pali njira ina imene ndimaikonda kwambiri. Wiritsani supuni zazikulu zinayi za shuga ndi ziwiri za madzi a mandimu mpaka shuga asungunuke, boolani buledi ndi kamtengo m'malo angapo, mupake manyuchiwo akadali wofunda. Apa pokha m'pamene kufunda kwa buledi kumathandiza. Pamwamba pamawala ndipo palibe choyenderera.

## Aisingi ya batala yabalalika

Imaoneka ngati chambiko, mafuta kwawo madzi kwawo. Pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake n'chakuti zinthu zinasiyana kutentha, monga mkaka wa m'firiji kuthiridwa mu batala wofewa. Musaitaye. Tapani supuni ziwiri, muzifunditse mpaka zisungunuke, mubwezere m'mbale n'kumenya mwamphamvu mphindi zitatu kapena zinayi. Ngati m'malo mwake ikuoneka yamafutamafuta chifukwa cha kutentha, iziziritseni kaye musanamenye.

Chifukwa china ndi madzi a mandimu ochuluka, kapena nthochi yofinya imene ena amathira kuti aisingi imveke nthochi. Nthochi yaiwisi mu aisingi ndikukuletsani: imaithira madzi ndipo imaidetsa pofika madzulo. Muyeso wodalirika wa buledi mmodzi ndi magalamu 60 a batala, 120 a shuga wa aisingi, ndi supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri za mkaka.

## Nyenyeswa zikusakanikirana ndi aisingi, pamwamba pakusendeka

Pamwamba pa buledi wa nthochi pamanata, makamaka akagona usiku atakulungidwa. Mpeni ukamakoka aisingi yolimba, khungu lija limanyamuka.

1. Fewetsani aisingi ndi supuni ya tiyi imodzi ya mkaka.
2. Ngati pamwamba pakunata, musiyeni buledi pa mpweya theka la ola musanayambe.
3. Pakani kaye kochepa kwambiri kuti kagwire nyenyeswa, muike m'firiji mphindi 15, kenako mupake yambiri.
4. Unjikani aisingi pakati muzikankhira m'mbali. Mpeni uziyenda pa aisingi, usakhudze buledi.

Za mng'alu wa pamwamba: si vuto. Umabwera chifukwa kunja kumalimba m'kati mukadafufumabe, ndipo ndi chizindikiro cha buledi wamtunduwu. Ena amaudula kuti pasalale, koma akatero amatsegula m'kati monyowa, ndiye nyenyeswa zimachuluka. Ngati mukufunadi posalala, tembenuzani buledi mupake kunsi kwake. Pakati pakatitimira, musakwirire dzenjelo ndi aisingi musanaone ngati papsa. Kutitimira kumabwera ndi soda wochuluka, kutsegula uvuni msanga, kapena kusapsa.

## Mtedza ndi zowaza zina

Zikupserera. Chifukwa chofala ndi kuwaza mtedza wokazinga kale pa buledi amene akakhala mu uvuni ola lathunthu. Wowaza musanaphike ukhale wauwisi, udzakazingika pamwamba pomwepo. Wokazinga uwazeni pa aisingi buledi atapsa. Kokonati wopala ndi mphesa zouma zimapsa msanga kuposa mtedza: kokonati muwazeni mphindi 15 zomaliza, mphesa zilowe m'kati mwa buledi. Ikani chitini pa shelefu ya pakati, ndipo pakatha mphindi 30 mpaka 35 phimbani ndi foyilo mosakanikiza.

Ophika pa mbaula, ndi mphika wa mchenga pansi ndi makala pa chivundikiro, vutoli amalidziwa bwino chifukwa moto wa pamwamba umakhala pafupi kwambiri. Yalani makala ochepa mozungulira m'mphepete mwa chivundikiro, pakati pakhale popanda. Pamwamba pakafiira, chotsani ambiri musiye pang'ono. Kunena zoona, pa mbaula n'kwabwino kuphika buledi wopanda kanthu pamwamba, zokongoletsa zonse zidzabwere pambuyo.

Zikumira. Zidutswa zakula kapena zosakaniza zalowa madzi. Duladulani mtedza kapena makademiya, ndipo muwaze mopepuka osakanikiza.

Zikugwa podula. Munawaza aisingi itauma kale. Yopyapyala imachita khungu m'mphindi zochepa, choncho mtedza ukhale pafupi musanayambe kuthira. Pa buledi wopanda aisingi, pakani uchi pang'ono kapena jamu wofunditsa kuti zigwire. Dulani ndi mpeni wa mano, mocheka, ndipo muziupukuta mukadula chidutswa chilichonse.

Zafewa tsiku lotsatira. Ndi chinyezi cha buledi chomwe chija. Palibe mankhwala ake kupatula kuwaza mochedwa.

Nthanga za mpendadzuwa zasanduka zobiriwira. Zimenezi zimaopsa anthu, koma si chuku. Nthangazi zili ndi asidi wina amene akakumana ndi soda amasintha mtundu buledi akamazizira. N'zosaopsa kudya. Chepetsani soda kapena muthire supuni ya madzi a mandimu muzosakaniza.

Mtedza ukuwawa kapena ukununkha chuku. Apa musayese kukonza. Mtedza wa chuku umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Sankhani mtedza musanaugwiritse ntchito, mutaye wonyala, wofumbwa ndi wosintha mtundu. Chimodzimodzi chiponde chimene simukudziwa kuti chinapangidwa ndi mtedza wotani.

## Nthochi zokongoletsera zikuda

Nthochi ikadulidwa n'kukumana ndi mpweya imayamba kuda, ndipo palibe njira yoletseratu. Mungathe kungochedwetsa.

- Zaiwisi zoyala pa aisingi: ziviikeni m'madzi a mandimu, muziumitse ndi pepala, muziike pamene mukupereka buledi. Sizipirira kupitirira maola ochepa, ndipo zimatulutsa madzi amene amasungunula aisingi. Pa buledi wogulitsa musaziike.
- Zophikira limodzi ndi buledi: sankhani nthochi yachikasu yolimba, zakupsa kwambiri zija n'za m'kati. Ing'ambeni pawiri m'litali, mbali yodulayo iyang'ane kumwamba, mupake batala wosungunula ndi kuwaza shuga wa bulauni pang'ono. Ikatuluka mu uvuni ipakeni uchi kapena manyuchi kuti iwale ndi kutchinga mpweya.
- Ngati kunsi kwa nthochiyo kukutsala phala, inali yokhuthala. Idulani yopyapyala, muonjezere mphindi 5 mpaka 10 zophikira.
- Buledi wotere adyedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa nguwi imayambira pa nthochi ya pamwambayo. Amene akufuna kukongoletsa kokhalitsa agwiritse ntchito nthochi zouma zokhukhuta.

## Chokoleti chaumbana, karamelo wawawa

Chokoleti chosungunuka chikalandira dontho limodzi la madzi chimaumbana nthawi yomweyo. Mbale ndi supuni zikhale zouma, ndipo mbaleyo ikhale pamwamba pa madzi otentha osakhudza madziwo. Chikaumbana, thirani mkaka kapena kirimu wotentha, supuni imodzi nthawi imodzi, mukutakasa mpaka chisalale. Sichidzaumanso gwa, koma chithirika bwino. Chimene chapserera pamoto n'chotaya. Mawanga otuwa amene amabwera chokoleti chikasungunuka n'kuumanso ndi mafuta ake, si nguwi.

Karamelo, yemwe ndi shuga wosungunulidwa pamoto mpaka kufiira, amasintha msanga kuchoka pa kufiira kokoma kupita pa kuwawa. Muchotseni pamoto akangofika mtundu wa uchi wakuda, chifukwa amapitiriza kupsa ndi kutentha kwa poto. Akaumbana ngati shuga wouma, thirani madzi pang'ono mumusungunulenso pa moto wochepa, osatakasa.

## Kutsekemera kwanyanya

Bulediyu ndi wotsekemera kale. Thirani kamchere pang'ono mu aisingi, gwiritsani ntchito mandimu m'malo mwa mkaka, kapena muphatikize supuni ziwiri za chiponde chosathira shuga. Mungathenso kuika aisingi m'kajumbo koyera, kudula kansonga, n'kujambula timizere m'malo mophimba pamwamba ponse.

## Pamene muyenera kusiya

Tayani buledi yense ngati:
- mwaona nguwi, ngakhale kadontho kamodzi. Pa chakudya chofewa ndi chonyowa mizu yake imalowa kutali kuposa pamene maso akuona, ndiye kudula pamene pavundapo sikuthandiza;
- akununkha mowa kapena kusasa, kapena m'kati mukutuluka tiulusi tonanda mukamunyema;
- ali ndi cream cheese kapena kirimu ndipo wakhala kunja kwa firiji maola oposa awiri, kapena ola limodzi kukatentha kupitirira madigiri 32. Werengeraninso nthawi imene magetsi anazima.

Buledi wopanda zamkaka pamwamba amakhala masiku awiri kapena atatu nyengo yotentha. Wofuna kusunga nthawi yaitali amukulunge bwino asanamupake aisingi, amuike m'firiza, komwe amakhala mpaka miyezi itatu.

Pitani kuchipatala msanga ngati:
- wina wadya n'kuyamba kutupa milomo, lilime kapena nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse, kapena kubanika. Mtedza umatha kupha munthu amene thupi lake limadana nawo, ndipo apa mphindi iliyonse ndi yofunika. Ogulitsa muziwauza makasitomala kuti muli mtedza, ngakhale utakhala wa nsinjiro wosaoneka;
- mwapsa ndi karamelo. Shuga wosungunuka amatentha kupitirira madigiri 160 ndipo amamatirira pakhungu. Thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, batala kapena dzira. Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho, kapena lili kumaso, m'zala, kapena wapsayo ndi mwana, pitani akalione;
- amene anadya akusanza kapena kutsekula m'mimba kosalekeza, makamaka ana, amayi oyembekezera ndi okalamba. Anthu amenewa musawapatsenso aisingi ya dzira laliwisi.

Mwana wosakwana chaka asadye uchi ngakhale wongopaka pamwamba, ndipo ana osakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu chifukwa umatsamwitsa.

Itanani wodziwa kukonza uvuni ngati buledi akupsa mbali imodzi nthawi zonse ngakhale mutembenuze chitini, ngati pamwamba pakupserera pansi pali paiwisi pa shelefu ya pakati, kapena ngati chitseko sichikutseka bwino. Zimenezi zimaloza ku waya wotenthetsera, chowongolera kutentha kapena labala ya chitseko. Uvuni ukamagwira shoko, kuthetheka, kapena kununkha waya wopsa, zimitsani pa switchi yaikulu ndipo musautsegule nokha. Mukamva fungo la gasi, tsekani pa silinda, tsegulani mawindo ndi zitseko, musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi, tulukani panja muitanire wokonza muli kunjako.

Perekani ntchito kwa wophika makeke waluso ngati mwapemphedwa keke yosanjikiza ya ukwati kapena chinkhoswe yokutidwa ndi fondant, aisingi yolimba imene imayalidwa pa keke ngati nsalu. Buledi wa nthochi ndi wolemera ndi wonyowa, fondant amachita thukuta ndi kutupa pamwamba pake, ndipo kusanjika kumafuna mizati ya m'kati ndi luso lonyamula. Amene mukufuna kuyamba kugulitsa buledi wopakidwa m'masitolo, yambani mwafika ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo yanu ndi ku Malawi Bureau of Standards kuti akuuzeni zofunika pa ukhondo, chizindikiro cha pa paketi ndi tsiku lothera ntchito.